Nyimbo Khumi ndi Ziwiri za a Mkanthama

Tadala, bwera nayo kuno foniyo. Ayi, usandipatse, ndingaigwetse. Ungondiwerengeranso pamene unawerenga paja. Eya, pomwepo. Nyimbo khumi zoposa zonse za mzungu wina amene anamwalira agogo a agogo anga asanabadwe. Ndiye kuti munthu anakhala pansi, nasankha khumi, zina zonse nazikankhira kumbali, nalemba dzina lake m'munsimo, napita kukadya. Munthu ameneyo ndi wamwayi. Kapena alibe mkazi.

Mukuseka chiyani? Ntchito imeneyo ine ndinaigwirapo, ndipo mpaka lero sindinaweruke. Khalani pansi ana inu, mtedzawo muziswa uku mukumvetsera, makutu sabwereka manja. Yamikani, woswawo ukupita m'lichero, osati m'kamwa.

Inu a Mkanthama simunawaone. Mumangomva nyimbo zawo pamaliro n'kumayesa kuti zinagwa ndi mvula. A Lazalo Mkanthama anali telala. Ankakhala pakhonde la sitolo ina pa Mitundu pompa, ndi makina aja opalasa ndi phazi, tepi ili m'khosi, pensulo ili kukhutu. Pa utelala, ndisawanamizire poti anapita, anali apakatikati. Thalauza limene anandisokera la ukwati, mwendo wina unkafika pansi unzake ukadali m'njira. Koma pa nyimbo panalibe wowayandikira, kuyambira kuno mpaka kumene njinga inkatha kufika. Ankapeka akupalasa makinawo, n'chifukwa chake nyimbo zawo zonse zimayenda ngati munthu amene akusoka mpendero wa diresi osathamanga. Ukapita kukatenga malaya ako n'kuwapeza akung'ung'udza, unkangotembenuka. Malaya ankadikira.

Kapekedwe kawo kanali kotere. Mkhristu wa mumpingo mwathu akamwalira, uthenga unkayamba wafika kwa a Mkanthama usanafike kwa abusa. Iwo ankangofunsa mafunso awiri: wadwala chiyani, wasiya ndani. Basi. Ankabwerera pamakina, ndipo pofika nthawi yonyamula bokosi kwaya inkakhala ili ndi nyimbo yatsopano. Dzina la womwalira sankaliika m'nyimbomo, koma aliyense ankadziwa mwini wake. Motero nyimbozo zinalibe mitu ngati zanu za masiku ano. Tinkangoti nyimbo ya anaBanda, nyimbo ya a Yosefe, nyimbo ya mapasa a kwa Sitolo. Ikakoma, makwaya ena ankaitenga n'kukaiyimba ku Malingunde, ku Likuni, mpaka m'midzi ya m'tsinde mwa Dzalanyama, koma dzina la mwini wake silinkachoka. Mayi amene moyo wake wonse sanakwerepo basi, atamwalira dzina lake linkayenda maulendo.

Akazi awo oyamba atatisiya, a Mkanthama anakakwatira ku Nathenje. Anakweza makina pangolo, ife tikuyang'ana ngati akutitengera ng'ombe. Kuyambira pamenepo panabuka mkangano umene sunathe. Ife a ku Mitundu tinkati nyimbo zenizeni anapekera kuno, ku Nathenje anapita ndi makoko. A ku Nathenje ankati kuno ankangophunzira. Eni ake ukawafunsa ankayankha za ulusi.

Tsopano ndikuuzeni za Rute. Kwa ena mwa inu akanakhala azakhali anu, kwa ena mayi anu aakulu. Ndiye anali chisamba chathu, ine ndi agogo anu aakazi, anaMbewe. Ndinali ndikadali mphunzitsi wa Sitandade 3, wa njinga yatsopano ndi nzeru zambiri. Rute anadwala chikuku ali ndi zaka zinayi, nthawi ya mvula, chimanga chili m'mawondo. Tinathamangira naye kuchipatala Lachiwiri, Lachisanu tinabwerako tili awiri. Apo a Mkanthama anali akadali kuno, koma sabata imeneyo malungo anali atawagwetsa. Anabwerabe, atafunda bulangete masana, milomo itauma. Anaphunzitsa kwaya atakhala pamtondo. Nyimbo yake inali ya mizere iwiri yokha:

Kagona kamwana, musakadzutse.
Mvula ikabwera, Mbuye, mukafunditse.

Imeneyo ndiye nyimbo yonse. Mumaibwereza katatu, yatha. Ine tsiku limenelo sindinaimve n'komwe, makutu anali atatseka. Koma patapita zaka, nditayamba kudziwa nyimbo n'kumadzimva kuti ndikudziwa, ndinkati ndikaiganizira ndinkaona kuti ndi nyimbo ya munthu wodwala malungo. Inalibe vesi la m'Baibulo, inalibe polandizana mawu, inalibe pokwera. Maganizo amenewa ndinkawasunga m'mimba. Agogo anu ankaiyimba mvula yoyamba ikamagwa, akulowetsa nkhuni, chapansipansi, osati moti wina amve. Ndipo chibadwire Rute, iwo ankanditchula kuti bambo a Rute. Anabwera ana ena asanu, makolo anuwa, koma dzina silinasinthe. Bambo a Rute, madzi aphwa. Bambo a Rute, mbuzi zalowa kudimba.

A Mkanthama anamwalira ku Nathenje atakalamba, nthawi yokolola. Pamaliro awo panalibe nyimbo yatsopano, poti wopeka ndi amene anali m'bokosi. Tinawaperekeza ndi nyimbo za anthu ena. Pobwerera, abusa athu a nthawi imeneyo, munthu wabwino koma wokonda maganizo atsopano, anati nyimbo zimenezi zisatayike, tijambule kaseti.

Kaseti simuidziwa inu. Kanali kabokosi kosalala ngati sopo wotha, m'kati muli kachingwe kakuda kozengezeka. Wayilesi ikakameza kachingweko, unkakakoka pang'onopang'ono n'kukabwezera ndi bolopeni, uku ukupemphera. Mabatire akafooka, oyimba onse ankasanduka nkhalamba zoledzera, ndiye unkawayanika padzuwa mabatirewo kuti apeze mphamvu ya nyimbo ina imodzi. Inu mumadandaula netiweki ikachedwa pang'ono. Ife tinkadikira dzuwa.

Vuto la kaseti n'lakuti imadzaza. Munthu wojambula wa m'tauni anatiuza kuti mungalowe nyimbo khumi ndi ziwiri, zisanu ndi imodzi mbali iyi, zisanu ndi imodzi mbali inayo. Ife titayesa kuwerenga nyimbo za a Mkanthama tinapitirira zana, ndipo tinalekera pomwepo chifukwa tinali titayamba kale kukangana. Panafunika komiti yosankha. Anatenga awiri a kuno, awiri a ku Nathenje, abusa pampando. Mwa a kuno mmodzi ndinali ine, poti ndinali wamkulu wa kwaya komanso wodziwa kulemba pabolodi. Mwa a ku Nathenje munali mayi Chisale, namwino, mayi wa pakamwa posachedwa, amene pa utsikana wawo anagwirapo ntchito pachipatala cha kuno asanawasamutse. Ine ndi iwo sitinkagwirizana ngakhale pa moni.

Tinkakumana Loweruka lililonse pasukulu ina ya m'njira. A ku Nathenje ankadandaula kuti ili pafupi ndi Mitundu, ife tinkadandaula kuti ili pafupi ndi Nathenje, ndiye tinadziwa kuti ili pakatidi. Kunalibe za njinga zamoto zimene mumakwera lerozi. Unkapalasa wekha, fumbi la mwezi wa Ogasiti likukulowa mpaka m'mano, ukafika uyambe wakhala kaye pansi pa mtengo kuti mtima ubwerere m'malo. Kamba anali mbatata yootcha ndi nzimbe. Misonkhano ya masiku ano anthu sayamba asanaone botolo la madzi ndi envelopu.

Cholakwa chathu choyamba chinali kulengeza m'tchalitchi. Abusa anati komiti isankha nyimbo khumi ndi ziwiri zoposa zonse. Anthu sanamve choncho. Anamva kuti komiti isankha akufa khumi ndi awiri oposa onse. Ndipo poti nyimbo iliyonse inali ndi mwini wake ali kumanda, sindinganene kuti anamva molakwa kwenikweni.

Lolemba lake m'mawa ndinapeza bambo wina wachikulire atakhala pakhomo pano, nkhuku ili m'khwapa.

"Aphunzitsi, ndangodutsa," anatero. "Mayi anga aja munkawadziwa?"

"Ndinkawadziwa."

"Anakulakwiranipo?"

"Ayi."

"Chabwino. Nkhukuyi ndi ya ana."

Sabata imeneyo kunabwera nkhuku zisanu, dengu la mtedza ndi mwendo wa mbuzi. Anthu amene anali asanandipatsepo moni ankatsika panjinga kundifunsa za chifuwa changa. Mayi wina anandiimitsa pamsika n'kundiyimbira nyimbo ya malemu amuna ake yonse, mavesi asanu, ine nditanyamula tomato. Zonse ndinabweza, khomo ndi khomo, kupatula nkhuku imodzi imene agogo anu anali ataipha kale ndisanaweruke. Imeneyo ndinabweza ndi tambala wanga, wamkulu kuposa yawoyo, ndipo mwini wake anandida kawiri.

Abusa ataona mmene mphepo ikuwombera, anayamba kukhala ndi misonkhano yambiri kutali. Loweruka lachitatu anatumiza kakalata koti mpando andisiyira ine, ndipo pamalo panga palowe mkulu wina wa mpingo. Ndinasangalala, ndisakunamizeni. Ndinafika m'kalasimo, ndinatenga choko, ndinalemba pabolodi ndi zilembo zikuluzikulu: TIKUSANKHA NYIMBO, OSATI ANTHU. Ndinadula mzere kunsi kwake kawiri. Mayi Chisale anawerenga, nati, "Zilembo zanu n'zokongola, aphunzitsi."

Tinkavota ndi mbewu. Chimanga ndiye kuti inde, nyemba ndiye kuti ayi, aliyense aponye m'chipewa changa dzanja litafumbata. Wapampando sankaponya pokhapokha mbali ziwiri zikafanana. Nyimbo iliyonse tinkayamba taiyimba kaye, anthu asanu m'kalasi ya Sitandade 1, titapanikizika m'timadesiki. Ina tinkaitaya isanafike pakati. Ina tinkaimaliza tonse tili chete, wina akuyang'ana pawindo, ndiye tinkadziwa kuti yalowa ngakhale chipewa chisanayende. Nyimbo ya mapasa a kwa Sitolo inalowa choncho. Ya anaBanda inalowa titakangana masabata awiri, chifukwa a ku Nathenje ankati imafanana ndi ina ya kwawo, ife n'kumati ya kwawoyo ndiyo ikufanana ndi yathu. Pofika mwezi wa Okutobala tinali ndi khumi ndi imodzi, adani anga m'midzi muno anali osawerengeka, ndipo malo anatsala amodzi.

Nthawi yonseyi agogo anu sananenepo kanthu. Anthu onse a m'dera lino anabwera kudzandikumbutsa za akufa awo, koma munthu amene ndinkagona naye nyumba imodzi sanatchulepo Rute ngakhale kamodzi. Ine ndinkadziwa kuti akudikira. Iwonso ankadziwa kuti ndikudziwa. M'mawa wa Loweruka lomaliza ndinapeza atapukuta njinga, atamangirira mbatata pakaliyala. Anangoti, "Bambo a Rute, muyende bwino."

Ndinapalasa ulendo wonsewo ndikudziuza kuti palibe amene aitchule nyimboyo, ndiye sipakhala mlandu. Ndinali nditaiwala mayi Chisale. Tisanakhale n'komwe pansi anati, "Ine ndikuti ya Rute."

Enawo anayang'ana madesiki.

"Mayi," ndinatero, "imeneyo ndi yaifupi."

"Mwanayonso anali wamfupi. Ndinamusambitsa ndine."

"Ilibe vesi."

"Ili ndi Mbuye m'katimo. Mukufuna vesi loposa pamenepo?"

Mkulu wa mpingo uja, pofuna kundithandiza kapena kundimaliza, sindidziwa, anati nanga ya a Kwilasi bwanji. A Kwilasi anali wogula ng'ombe wa ku Nathenje, munthu amene anatseka njira ya kuchitsime ndi minga chifukwa inkadutsa m'mbali mwa khola lake. Pamaliro ake anthu anapita chifukwa kunaphedwa ng'ombe ziwiri. Koma nyimbo imene a Mkanthama anamupekera, ana inu, imeneyo ndi nyimbo. Mumaidziwa, ndi ija imayamba ndi amuna okhaokha pansi penipeni, kenako mawu ena n'kumalowa amodziamodzi mpaka tchalitchi chonse chadzaza. Mpaka lero sindimvetsa kuti munthu wouma mtima chotero anaipeza bwanji. Mwina a Mkanthama anaona kuti ameneyu ndiye akufunika thandizo lambiri. Ndiwonjezere kuti amene ankaiyambitsa, yekha, anthu onse ali chete, anali wa besi wamkulu, ndipo wa besi wamkuluyo ndinali ine.

Tinagwirizana kuti chimanga ndi Rute, nyemba ndi a Kwilasi. Chipewa chinayenda. Nditakhuthula padesiki panali njere ziwiri za chimanga, nyemba ziwiri. Onse anayi anatembenukira kwa ine.

Ndikuuzeni zimene zinali mumtima mwanga, poti ndakalamba ndipo manyazi anatha. Ndinaganiza za nkhuku zija. Ndinaona anthu onse amene ndinawabwezera zinthu zawo ataima pamsika akuti, taonani, amayi athu anawataya koma mwana wake wamulowetsa. Ndinayang'ana zilembo zanga pabolodi, zimene ana asukulu ankaopa kufufuta. Ndinadziuza kuti ndine munthu wachilungamo, ndipo a Mkanthama akanakhalapo akanasankha chimodzimodzi. Zonsezo zinali zoona pang'ono. Koma chachikulu n'chakuti ndinkafuna anthu adzanene kuti mphunzitsi uja ndi wolimba, sanakondere ngakhale magazi ake. Ndinkafuna kutamandidwa. Ndinaponya nyemba.

Mayi Chisale anatola chikwama chawo. Pakhomo anatembenuka nati, "Mwakhoza mayeso, aphunzitsi. Kunyumba mukanene nokha, musatume munthu."

Ndinafika kuno dzuwa likadalipo. Agogo anu anali kuseri akupeta mphale. Sanaleke kupeta.

"Zatha?"

"Zatha."

"Yotsiriza ndi ya yani?"

"Ya a Kwilasi."

Anapeta kawiri katatu. "Ndi yabwino imene ija," anatero. "Madzi osamba ali kubafa, aphunzitsi."

Ndinayesa kuti lilime laterereka. M'mawa mwake anati, aphunzitsi, tiyi wapsa. Mkuja wake chimodzimodzi. Sanakalipe, sanapite kwawo, sanandimane chakudya, sanaitane ankhoswe. Ankhoswe ukawauza chiyani, kuti mkazi wanga akundilemekeza? Anangochotsa dzina lija n'kulisunga kumene ankadziwa okha. Inu nonse munabadwa mukumva agogo anu akunditchula aphunzitsi, ndipo munkayesa ulemu wachikale. Tsopano mwadziwa.

Tsiku lojambula agogo anu anabwera, atavala yunifolomu ya kwaya yosita bwino, poti iwo ndiwo ankatsogolera sopulano. Tinajambulira m'tchalitchi masana, mawindo otseka, thukuta lili kamukamu. Tinabwereza nyimbo ina kanayi chifukwa cha mbuzi, ina kawiri chifukwa malata ankathetheka ndi dzuwa. Agogo anu anayimba zonse khumi ndi ziwiri osaphonya. Pa ya a Kwilasi, pamene mawu aakazi amalowa pamwamba, amene mumamumva akukwera yekha uja ndi iwowo. Anaiyimba bwino kuposa tsiku lina lililonse, ndipo sanandiyang'ane.

Kasetiyo inayenda. Munkaimva m'mabasi, m'magolosale, m'nyumba za aphunzitsi ndi anamwino kuyambira kuno mpaka ku Dedza. Kutamandidwa kumene ndinkafuna kuja ndinakupeza. Abusa anabwerako ku misonkhano yawo nanditchula paguwa kuti ndine chitsanzo. Ngakhale bambo wa nkhuku uja anadzandigwira chanza, nati poti wanu yemwe munamusiya, ife tilibe mawu.

Chimene sitinachiganizire, tonse asanu ndi nzeru zathu, n'chakuti kaseti idzasanduka mphunzitsi. Kale kwaya inkaphunzira nyimbo kwa munthu. Ukafuna ya a Yosefe unkapalasa njinga kupita kwa amene akuidziwa, n'kukhala naye tsiku lonse. Itabwera kaseti, anyamata ankangoika wayilesi pakati n'kumabwezera ndi bolopeni. Zimene zinali m'katimo anazidziwa bwino kuposa ife. Zimene sizinalowe anayamba kuzitcha zachikale, kenako anasiya kuzitcha chilichonse. Tinkati tikupulumutsa nyimbo za a Mkanthama, koma tinapulumutsa khumi ndi ziwiri n'kukwirira zina zonse ndi manja athu. Anthu a nkhuku aja anaona patali kuposa komiti.

Ya Rute sindinaimvenso m'nyumba muno. Mvula yoyamba ikagwa agogo anu ankalowetsa nkhuni ali duu. Kaya ankaiyimbira kudimba, kaya kumtsinje, sindidziwa. Kangapo konse ndinafuna kuyambitsa nkhaniyo. Ndinkafika pakhomo la khitchini mawu ali okonzeka, iwo n'kuti, "Mukufuna kanthu, aphunzitsi?" Ine n'kuti machesi. Machesi amene ndinapempha m'zaka zimenezo akanakwana kutsegula golosale.

Dzinja la dzana, pamene agogo anu anatisiya, ambiri mwa inu munalipo. Zimene simunaone ndi izi. M'mawa wa tsiku loika maliro ndinaitana mnyamata wotsogolera kwaya, uja wa kiyibodi, ndinamuuza kuti pobwera ndi bokosi m'tchalitchi muyimbe ya Rute.

"Agogo, imeneyo ndi nambala chani?"

"Ilibe nambala. Sili pa kaseti."

"Ndiye ndi ya ndani?"

"Ya a Mkanthama."

Anandiyang'ana mwaulemu, mmene mumayang'anira nkhalamba imene yayamba kusokoneza. "Za a Mkanthama zilipo khumi ndi ziwiri, agogo. Koma musadandaule, tiwayimbira yabwino kwambiri."

Anawayimbira ya a Kwilasi. Anaiyimba bwino ndithu, sindingawanyoze.

Ndinati palibe kanthu, ndiwaphunzitsa ndekha maliro akatha. Apa ndiye pali chinthu chimene sindinakuuzeni. A Mkanthama sankalemba nyimbo papepala, ndipo sankaphunzitsa kwaya yonse pamodzi. Poti nthawi inkakhala yochepa, maliro akudikira, ankatigawa. A sopulano pansi pa mtengo uwo, a aluto kuseri kwa nyumba, a tenala kunkhokwe, a besi kukhola. Ankayenda gulu ndi gulu kupatsa aliyense njira yake, n'kudzatiphatikiza pamapeto ngati zidutswa za malaya. Aliyense ankasunga chidutswa chake. Ndiye tsiku lina nditakhala pampando uno ndinati ndiiyimbe ya Rute. Mawu onse ndinali nawo. Nditatsegula pakamwa chinatuluka ndi besi, amene ndinadzaphunzira kwa anzanga maliro a Rute atadutsa kale. Ndinayesanso, besi yemweyo. Besi wa nyimbo imeneyo ndi mawu atatu okha, kutsika, kukhala, kubwerera. Mtima wa nyimbo, umene munthu angaung'ung'udze akulowetsa nkhuni, unali kwa a sopulano. Ndinaumva kwa zaka zambiri m'nyumba muno, koma ndinkaumva ngati mphunzitsi amene akuchonga, ndipo sunakhale. Ndinalira tsiku limenelo kuposa pamaliro.

Ndinayendayenda kufunsa. A sopulano a nthawi imeneyo ambiri ali kumanda. Mmodzi ali ku Malingunde kwa mwana wake, koma sazindikiranso ngakhale mwanayo. Wina anandiyimbira mokondwa kwambiri nyimbo ina yosiyana.

Mwezi wathawu, tsiku lija munkandifunafuna n'kumaimbirana mafoni kuti agogo asowa, ndinali nditakwera njinga yamoto kupita ku Nathenje. Mnyamata wake ankathamanga ngati tikukaitana azamba. Ndinakawapeza mayi Chisale ali pakhonde, maso anachita ng'ala, miyendo yotupa ili pakampando. Pakamwa pokha ndi pamene sipanakalambe.

"Ndani?"

"Ndine, wa ku Mitundu."

"Wapampando. Mwabwera ndi chipewa?"

Ndinawauza chimene ndadzera. Ine ndinadikira kuti andinyoze, poti ndinali nditakonzeka. Sanatero. Anati, "Ine ndinali wa aluto, mukudziwa."

"Ndikudziwa."

"Aluto yake ndili nayo yonse. Ya sopulanoyo ndinkangoitsamira."

"Tiyeni tiyese. Mwina tikayamba ibwera yokha."

Tinayamba, nkhalamba ziwiri pakhonde masana, anthu akudutsa ndi matumba a chimanga kupita kuchigayo. Ine pansi, iwo pakati. Zinagwirana bwinobwino, ngati tinasiyana dzulo. Koma pamwamba, pamene pankadutsa agogo anu, panalibe munthu. Unkachita kumva malo ake, pamene ayenera kukwera, pamene ayenera kupuma, koma nyimboyo osaimva. Tinabwereza katatu monga mwa lamulo lake. Sinabwere.

Mayi Chisale anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Kenako anati, "AnaMbewe analera zidzukulu zingati?"

Ndinawerenga. Ndinati zisanu ndi zinayi.

"Onsewo anawabereka kumsana?"

"Onse."

"Ndiye mukuvutikiranji ndi ine? Mayi amene ali ndi nyimbo yogonetsa mwana sangabereke ana asanu ndi anayi osaiyimba. Anangosiya kuyimbira inuyo."

N'chifukwa chake ndakuitanani nonse holide ino, osati chifukwa cha mtedza. Mtedza ndikanaswa ndekha. Aliyense wa inu anagonapo pamsana pa mayi amene uja, kudimba, kuchitsime, panjira ya kuchigayo, kumene ine kunalibe. Sindikuti mukuikumbukira. Munali makanda. Koma mwina pali kanyimbo kena kamene kamakubwererani mukamachapa kapena mukamayenda nokha, kopanda mawu, kamene simudziwa kuti munakatenga kuti. Musachite manyazi, ngakhale kakhale kachidutswa, ngakhale mawu anu akhale ngati a Yamikani. Sindichonga, ndipo palibe chipewa chimene chiyende.

Ikani malicherowo pansi. Ndiyamba ine, pang'onopang'ono, ndipo ndibwereza mpaka mutatopa. Mukamva kuti pamwamba pali mpata, mpatawo ndi wanu.